Kireni yakale, mitengo ya agogo ndi nambala ya 2.93

Lole yobereka kireni kumsana ikadzakudutsani pamsewu wa M1, kaya pa Linthipe kaya pa boma pa Dedza, mudzaponye maso pamkono wa kireniyo. Ngati inachokera ku Japan, nthawi zambiri mudzapeza palembedwa 2.93t, mwina 2.9t. Sipalembedwa matani atatu athunthu ayi, ndipo si mwangozi. Ku Japan kireni yoyenda yonyamula matani atatu kapena kuposerapo imagwa m'malamulo okhwima: iyesedwe ndi oyendera makina, ikhale ndi chiphaso chakechake, chiphasocho chizikonzedwanso pakapita nthawi. Opanga makireni anangoima pa 2.93 kuti mwini lole asamavutike ndi mapepala onsewo. Ndiye lamulo la ku Tokyo limayenda m'misewu yathu litamatidwa pachitsulo, ife osadziwa.

Ine ndazidziwa zimenezi chifukwa cha amalume anga. Iwo ayendetsa lole zaka zoposa 20: mbatatesi za ku Bembeke kupita nazo ku Lilongwe, matabwa, njerwa, nthawi zina maliro. Chaka chatha anayamba kulankhula za kireni, ndipo mfundo yawo inali yomveka. Kuno kwathu munthu akafuna kutsitsa injini ya chigayo, kukweza thanki pansanja, kuimika mapolo a magetsi kapena kuyala makalaveti a konkire, amasonkhanitsa anyamata khumi, zingwe ndi mitengo, n'kumapemphera kuti wina asathyoke msana. Apo ayi aitanitse kireni ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, alipire dizilo wobwerera ndi wobwererera ntchito isanayambe n'komwe. "Mphwanga, ntchito ilipo," ankatero amalume. "Chikusowa ndi chitsulo basi."

Nkhani inali kochokera ndalama. Kuseri kwa mudzi wathu kuli munda wa mitengo ya paini yomwe malemu agogo anadzala ine ndisanabadwe. Mitengo ngati imeneyo si ya munthu mmodzi, ndi ya mbumba yonse. Amalume ndi mwini mbumba, inde, koma mwini mbumba ntchito yake n'kusunga, osati kugulitsa mmene wafunira. Mitengo imeneyo ndiyo fizi ya ana, ndiyo thiransipoti yopitira kuchipatala chachikulu, ndiyo bokosi tsiku lamaliro. Anakhala pansi katatu konse, amayi, amayi aang'ono ndi amalume. Pamapeto pake amayi anati, "Achimwene, dulani theka. Koma chitsulo chimenecho chisadzakhale chogonapo nkhuku pakhomo pano." Atatero anatembenukira kwa ine: "Iwe ndi foni yakoyo, m'malo momangoseka wekha usiku, uwathandize amalume ako kufufuza."

Ndinayamba kufufuza. Pamasamba a pa intaneti ogulitsa galimoto zakale za ku Japan, malole a makireni alipo mbwee: Isuzu, Hino, Mitsubishi Fuso, iliyonse ndi zithunzi zake zambirimbiri. Mukayang'ana kwa masiku angapo mumayamba kuona kuti makireni ake ambiri ndi a mitundu iwiri. Ofiira nthawi zambiri amakhala a UNIC, a kampani ya Furukawa. A buluu amakhala a Tadano. Amalume onsewa amangowatchula kuti Hiab, monga mmene mankhwala otsukira mano onse timawatchulira kuti Colgate. Koma Hiab ndi kampani inanso, yomwe inayambira ku Hudiksvall m'dziko la Sweden mu 1944. Dzinalo ndi chidule cha Hydrauliska Industri AB. Woiyambitsa, Eric Sundin, ankapanga matabwa otsetserekera pa chipale chofewa, ndipo anaona kuti injini ya lole yomweyo ikhoza kupopa oyilo wokwezera katundu palolepo. Makireni a mtundu wa Hiab amapinda mkono ngati chigongono. A ku Japan aja mkono wawo ndi wowongoka, umasololoka ngati eriyo ya wailesi yakale, ndipo ngowe yake imatsika ndi chingwe cha waya. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa pachithunzi, koma ndi kumene kumanena ntchito yomwe mungagwire ndi yomwe mungakane.

Amalume maso awo anali pa ya buluu, choncho ndinafuna kudziwa makolo ake.

Masuo Tadano anali wowotcherera zitsulo. Mu 1919 anayamba ntchito imeneyi ku Asahikawa, pachilumba cha Hokkaido, kumene chisanu chathu cha mu Juni sangachiwerenge n'komwe. Kampani yomwe tikuidziwa lero anaikhazikitsa mu 1948 mumzinda wa Takamatsu pachilumba cha Shikoku, mzinda womwe mbali yake yaikulu inali itapsa ndi mabomba mu Julayi 1945. Inkatchedwa Tadano Iron Works, inali ndi antchito owerengeka, ndipo poyamba sinkapanga makireni ayi. Inkagwira ntchito za zitsulo, kuphatikizapo makina okonzera njanji. Mu 1955 ndi pamene inatulutsa OC-2, kireni ya palole yoyamba ku Japan yoyendera mphamvu ya oyilo wopopedwa. Inkanyamula matani awiri okha, kuchepa kuposa kakireni kamene amalume akufuna lero. Pofika 1960 anali atayamba kutumiza makireni kunja, kuyambira ku Indonesia. Mu 1970 anapanga TR-150, kireni ya matayala akuluakulu yoyenda m'malo okumbikakumbika, ndipo mu 1972 anabweretsa kachipangizo kotchedwa AML, komwe kamaimitsa kireni yokha katundu akapyola malire. Mu 1990 anagula kampani ya ku Germany ya Faun, kenako mu 2019 anagulanso gawo la makireni oyenda a Demag kuchokera ku kampani ya ku America ya Terex.

Ndikamadutsa pa anyamata owotcherera mageti ndi mawindo pa boma, amene amatchinga maso ndi magalasi a dzuwa, chaka cha 1919 chija chimandibwerera. Komabe tisanamizane: wowotcherera wa ku Takamatsu anali m'dziko lomwe linkamanganso mizinda, madoko ndi njanji nthawi imodzi, lokhala ndi mafakitale ake a zitsulo. Ogula anali pakhomo. Luso lokha silikanamufikitsa pamenepo.

Pali nkhani imodzi ya kampaniyi imene amalume anaikonda kuposa zonse. Kutali m'nyanja ya Pacific kuli chilumba cha Easter, cha dziko la Chile, chodziwika ndi ziboliboli zamiyala zotchedwa moai. Pamalo otchedwa Ahu Tongariki ziboliboli zinali zitagwetsedwa kalekale, kenako mu 1960 mafunde aakulu obwera ndi chivomerezi cha ku Chile anazimwaza kumtunda. M'zaka za m'ma 1990 Tadano inapereka kireni ndi thandizo, ndipo ziboliboli 15 zinaimikidwanso pamzere umodzi. Amalume anaziyang'ana nthawi yaitali pafoni, n'kunena kuti, "Bola zathu za ku Chongoni makolo anangojambula pathanthwe, sizifuna kireni." Amanena zojambula za m'mapanga zija zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zomwe ambirife a ku Dedza timangozidutsa pa minibasi.

Mwina mukufunsa kuti mbiri yonseyi ikukhudza bwanji munthu wa ku Dedza wofuna kugula lole ya zaka 20. Ikumukhudza pa masipeya. Kireni yakale si vuto ngati makolo ake ali moyo. Pathupi pa kireni iliyonse pamakhala kachitsulo kokhomedwa, kolembedwa mtundu wake ndi nambala yakeyake. Kampani ikakhala kuti ilipobe, nambala imeneyo ndi imene imakupezetsani buku lake, mphira zoyenera za m'masilinda, kukula kwa chingwe choyenera. Kireni yomwe kachitsuloko kanachotsedwa kapena kanapakidwa penti, kapena ya kampani yomwe inatha popanda woitenga, ndi mwana wamasiye. Ikadzadontha oyilo, makaniko wanu azidzayenda ndi kamphira kothaitha m'thumba, shopu ndi shopu ku Lilongwe, kufunafuna kofanana nako.

Tsopano tibwere pa maloto a amalume. Iwo m'mutu mwawo munali makontena. Masiku ano anthu akugula makontena n'kuwasandutsa magolosale ndi mosungira katundu, ndipo pa chipata cha Dedza, cholowera kuchokera ku Calomue m'dziko la Mozambique, makontena amadutsa tsiku ndi tsiku. Kuwerengera kwawo kunali kophweka: kontena ya mafiti 20 yopanda kanthu imalemera matani awiri ndi pang'ono, kireni ikunyamula 2.93, ndiye zatheka.

Sizitheka. Nambala ya pamkono ija imagwira ntchito katundu akakhala pafupi penipeni ndi tsinde la kireni, pa mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri ndi pang'ono, mkono usanasololoke. Yesani nokha: ndowa yodzaza madzi mukhoza kuinyamula mutaigundika pantchafu, koma tambasulani mkono muone ngati mungathe masekondi khumi. Kireni nayonso ndi chimodzimodzi. Katundu akamatalikira, mphamvu imatsika msangamsanga. Matani 2.93 ndi matumba 58 a simenti a makilogalamu 50, koma kumapeto kwa mkono wosololoka wonse, pa mamita 8 kapena 10, makireni ang'onoang'onowa sakwanitsa ngakhale theka la tani. Matumba 58 aja asanduka matumba osafika khumi. Kontena m'lifupi mwake muli mamita pafupifupi 2.4, m'litali mamita 6, ndipo ngowe iyenera kukhala pakati pake. Pakatipo pali patali kale ndi tsinde la kireni. Zonsezi zinalembedwa pa tchati chomatidwa pambali pa zogwirira za kireni, chosonyeza kulemera kololedwa pamtunda uliwonse. Tsoka lake n'lakuti chimakhala m'Chijapani, ndipo ogulitsa ambiri sachijambula n'komwe. Ndinatumizira wogulitsa wina uthenga pa WhatsApp kupempha chithunzi chake, chitabwera ndinachiwerenga ndi pulogalamu yomasulira ya pafoni. Amalume atamva, anakhala chete tsiku lonse. Madzulo ake anangoti, "Ndiye makontenawo tiwasiyire a ku Lilongwe."

Ine ndimaona kuti chete ameneyo anapulumutsa mitengo ya agogo kuposa china chilichonse chimene tinachita.

Tisanatumize ndalama kunja, amalume anafuna kuona yomwe ili kale m'dziko muno. Tinamva za ina ku Kanengo, ndipo tinapita ndi mnzawo wina, makaniko wachikulire yemwe anagwirapo ntchito m'makampani omanga misewu. Lole yake inali yokongola zedi, makilomita ochepa pa mita, mipando yosang'ambika. Wogulitsa ankangoloza mitayo. Achikulire aja sanaiyang'ane n'komwe. Anatifotokozera kuti kireni imagwira ntchito lole itaima. Injini imalira, kachipangizo kotchedwa PTO kamatenga mphamvu ku giyabokosi n'kuyendetsa pampu, koma matayala sazungulira. Lole ikhoza kuonetsa makilomita ochepa pamene kireni yake yagwira ntchito ya zaka khumi popanda tchuthi.

Anayamba ndi kulowa pansi pa lole, kugogoda tcheyisisi ndi sipanala. Malole ochokera kumadera a chipale chofewa ku Japan amayenda m'misewu yowazidwa mchere, ndipo dzimbiri limayamba mkati, kosaoneka pachithunzi. Anayang'ana mabawuti omangira kireni kulole. Anasolola mkono wonse n'kuuyang'ana cham'mbali ngati kalipentala woyesa thabwa, kuona ngati unapindika. Anagwira chingwe ndi kansanza n'kumayendetsa dzanja pang'onopang'ono: pamene kansanza kakodwa, pamenepo mawaya aduka. Anaona ngowe ngati inayasamula kukamwa ndiponso ngati kotsekera kake kalipo. Kenako anapempha kuti kireni inyamule injini yakale yomwe inali pabwalopo, aikweze pang'ono, azimitse lole. Anaika chizindikiro cha choko pasilinda, n'kutiuza kuti tikamwe tiyi. Titabwerako patatha mphindi 15, injini ija inali itatsika mpaka kukhudza pansi. Chomaliza anakanda ndi chikhadabo penti yatsopano yomwe inali patsinde pa mkono pokha. Pansi pake panali powotcherera.

"Achimwene," anatero kwa amalume, "lole iyi gulani ngati mukufuna yonyamulira mbatatesi. Kireniyi ayi."

Zomwe anachita achikulirewo simungazichite pafoni, ndipo apa ndi pamene kugula kunja kumawawira. Chimene mungathe n'kupempha vidiyo ya kireni ikugwira ntchito, zithunzi za kachitsulo ka nambala, za tchati, za pansi pa lole, n'kufunsa ngati rimoti ilipo pa makireni oyendera rimoti. Wogulitsa wokana kujambula pansi pa lole wakuyankhani kale. COF ya kuno imakuuzani za mabuleki, magetsi ndi matayala. Siikuuzani ngati mkono ungagwetse katundu pamutu pa munthu.

Ndiye pali Dedza mwiniwake. Makireni amenewa anazolowera phula ndi konkire wa m'mizinda ya ku Japan. Kuno malo athyathyathya ndi osowa. Boma lenilenilo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri la Dedza likupyola mamita 2,000, ndipo midzi yambiri ili m'malo otsetsereka. Kireni isananyamule kanthu imatulutsa miyendo iwiri m'mbali n'kuponda pansi, ndipo manambala a pa tchati aja amawerengera kuti miyendoyo yatuluka yonse, yaponda polimba, lole ili yowongoka. M'dzinja dothi lathu limamwa madzi n'kufewa ngati phala. Mwendo umodzi ukalowa pansi katundu ali m'mwamba, lole yonse imagona cham'mbali. Choopsa china chomwe mainjiniya a ku Takamatsu mwina sanachilote ndi chimbudzi chakale chokwiriridwa. Pamwamba pamera kapinga wobiriwira bwino, pansi pali dzenje. Woyendetsa wanzeru asanaponde amafunsa amayi a pakhomopo kuti chimbudzi chakale chinali pati. Onjezani mawaya a ESCOM odutsa pamwamba pa mageti, nkhungu ya m'mamawa, mphepo ya m'mapiri yomwe imagwedeza thanki yopanda madzi ngati chibaluni, ndi oyilo amene amalimba m'chisanu cha Juni ndi Julayi mpaka kufuna kumutenthetsa kaye. Ndipo lole yolemera kumsana chonchi kutsika nayo msewu wokhotakhota wa ku Golomoti si masewera.

Choncho mtengo wa kireni si wa chitsulo chokha. Muwerengere munthu woiyendetsa. Msuweni wanga, mwana woyamba wa amalume, anamaliza Fomu 4 ndipo wakhala akuthandiza palole. Panopa ali ku Lilongwe, akuyenda ndi woyendetsa kireni wina ngati womangirira zingwe, kuphunzira kumanga katundu ndi zizindikiro za manja. Malipiro ake ndi chakudya chamasana. Amayi ake sanakondwe nazo, koma amalume anati mwana wawo sadzagwira zogwirira za kireni asanaime pansi pake miyezi ingapo n'kuona mmene katundu amavinira m'mwamba.

Chatsala ndi ndalama zakunja, ndipo apa aliyense wogula katundu kunja ali ndi nkhani yake. Mtengo wa lole umalembedwa m'madola. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mitengo ya paini imakula pang'onopang'ono chaka ndi chaka, pamene dola ikhoza kudumpha usiku umodzi. Theka la munda lomwe likanagula lole yabwino zaka zingapo zapitazo, lero likukwanira movutikira. Pamwamba pa mtengo wa lole pali sitima yofikitsa ku Dar es Salaam, woyendetsa wodutsa nayo ku Mbeya mpaka pa chipata cha Songwe, msonkho wa MRA, wothandiza kuombola katundu, kenako Karonga, chikweza cha Chiweta, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe mpaka kuno, makilomita oposa 1,500 pa matayala omwe simunawaonepo ndi maso. Njira ina ndi ya ku South Africa, kumene kuli makireni opinda chigongono aja, amphamvu kuposa awa. Lole imadzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete n'kudzalowera pa chipata chathu chomwechi. Amalume anaiganizira, koma mitengo yake inali ya munda wonse, ndipo amayi anali atanena kale kuti theka.

Anasankha ya buluu, ya mkono wa magawo anayi, yobebedwa ndi lole ya matani anayi, chiwongolero kumanja monga galimoto zathu zonse. Wogulitsa anatumiza vidiyo, kachitsulo ka nambala kakuwerengeka, pansi pa lole pali dzimbiri la pamwamba chabe, ndipo achikulire a makaniko aja anaionera vidiyoyo kanayi asanagwedeze mutu. Ntchito zomwe amalume alemba m'kope lawo tsopano ndi matanki, injini za zigayo, mapolo, makalaveti, zipika za paini ndi miyala ya pamanda. Adula kale zidutswa zinayi zochindikala za bulugama zodzaika pansi pa miyendo ya kireni, zili kuuma pakhonde. Mapepala opempha madola ali kubanki, sabata yachisanu ino. Wogula matabwa wabwera kawiri ndi macheka ake, ndipo kawiri konse amayi amubweza: mtengo ngakhale umodzi sugwa banki isanayankhe.